Njuchi za a Chisoti

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Phukusi la mankhwala a Amayi linafika, zikomo. Pafoni ndinakuuzani kuti kuno kulibe vuto, koma ndinanama.

Mukudziwa dimba la tonse lija kuseri kwa nyumba zathu, pamene banja lililonse lili ndi mabedi ake anayi. Chichokereni inu, anthu anadzala maluwa akutchire m'mphepete monse, ndipo bambo wina wopuma pantchito anaika ming'oma itatu ya njuchi pafupi ndi mpanda. Timawatchula a Chisoti chifukwa cha chipewa chawo chaukonde chimene savula ngakhale popita kogula buledi. Lamulo lalikulu la dimbali ndi limodzi: mankhwala ophera tizilombo ogula kusitolo saloledwa. Wopezeka atapopera amalandidwa mabedi tsiku lomwelo.

Kuyambira pamene sitiroko inawagwira n'kuwafoola mbali imodzi ndi kuwalanda mawu, Amayi sadzukira china koma mabedi awo. M'mawa ndisanapite kugalaja ndimawakankha pa chikuku mpaka pansi pa mthunzi, amakhala pamenepo kuyang'ana tomato wawo. Tsiku lamvula, tikapanda kupita, ngakhale chakudya amakana.

Mwezi watha akangaude ofiira analowa mu tomatoyo. Ndinathira phulusa, ndinathira madzi a sopo ndi tsabola monga amatiphunzitsira a Pampando, mayi amene amatsogolera gulu lathu, koma masamba anapitirira kufota. Amayi ankaloza ndi dzanja lawo labwino lija, misozi ili m'maso. Ndiye Lachiwiri lina, pa nthawi yopuma masana, ndinabwera ndi kabotolo m'thumba la ovolosi. M'dimba munalibe munthu wina koma Amayi. Ndinathira mankhwalawo mu mpope wa malita khumi n'kupopera mwachangu ngati wakuba. Mphepo inali kuwomba cha kumaluwa, dzuwa lili paliwombo, njuchi zili wirawira pamaluwapo. Ine, makaniko wodziwa injini zokha, sindinaganizeko za zimenezo.

M'mawa mwake tinapeza a Chisoti atagwada pafupi ndi ming'oma. Njuchi zinali mbwee pansi, zina zikuzungulira chagada. Ankazitola imodziimodzi n'kumaika m'chipewa chawo. Kanali koyamba kuona mutu wawo uli pambalambanda. Ming'oma iwiri inatheratu.

Achemwali, ine mantha. A Pampando ananunkhiza masamba bedi ndi bedi, koma mvula inali itawaza m'mamawa, fungo linali litachoka. Anthu anayamba kuloza a Telala a nyumba yachitatu chifukwa kabichi wawo ndi wosalala ngati wa pachithunzi. Ena anasiya kuwapatsa moni, ndipo makasitomala awiri anakatenga nsalu zawo zosasoka. Ine ndinangoti chete, ngakhale ndikudziwa kuti mlandu suola. Ndikamva phazi pakhomo, ndinkaganiza kuti andipeza. Kugalaja ndinaiwala kumanga mawilo a galimoto ya munthu, mwayi bwana anaona isanatuluke.

Tsopano imvani chimene chikundichititsa manyazi kwambiri. A Chisoti, posowa chochita, anayamba kukhala ndi Amayi pamthunzi paja. Amawalankhula modekha, kuwatchulira mayina a maluwa, Amayi n'kumayesa kubwereza. Mawu amene a dokotala anati mwina sadzabweranso anayamba kubwera. Anati "madzi". Kenako anati "duwa". Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikupempherera zimenezi, koma atanena "duwa" ine thukuta linati kamukamu. Ndinadzipeza ndikulakalaka kuti lilime la mayi anga lichedweko pang'ono. Ndine mwana wotani ine?

Dzulo madzulo ndinapita kudimba kukawatenga Amayi. Panali a Chisoti, a Pampando ndi a Telala amene anabwera kudzachotsa zida zawo, atatopa ndi kunyozedwa. A Pampando anagwada pafupi ndi chikuku.

"Amayi, inu mumakhala pano tsiku lonse," anatero. "Musavutike kulankhula zambiri. Kodi anapopera ndi a Telala awa?"

Amayi anapukusa mutu.

"Nanga munamuona amene anapopera?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Anakweza dzanja lawo labwino pang'onopang'ono, n'kudzigunda pachifuwa.

"Ine," anatero. Mawu omveka bwino kuposa onse amene anenapo chidwalireni.

Munthu amene sangathe kunyamula kapu ya tiyi yekha angasenze bwanji mpope wa malita khumi? A Telala anatsitsa khasu lawo pansi. A Pampando anayang'ana kumbali. A Chisoti anakonza bulangete pa mawondo a Amayi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Apititseni kunyumba mayi anu, kwayamba kuzizira," anatero. "Msonkhano ndi Loweruka, mwana wanga. Mubwere."

Loweruka ndi mawa. Ndikaimirira n'kunena zoona, sindilola kuti mayi wodwala andibereke kumsana ndili ndi ndevu. Koma lamulo silitchula munthu, limatchula mabedi, ndipo mabediwo ndi a Amayi. Ndikapempha kuti andithamangitse ine ndekha, ndiziwasiya pageti wina aziwalowetsa. Sindikudziwa ngati akavomere. Akakana, sindikudziwa kuti Lolemba m'mawa ndidzawakankhira kuti.

Chonde muimbe foni Lamulungu. Musandikalipire Amayi akumva, mudzandikalipire pandekha, ndidzamvetsera zonse.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Ndawauza Amayi kuti ndikulembera inu, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiikemo, poti tsopano akutha kutchula. Anditsinzinira maso n'kutembenukira kukhoma. Kuyambira dzulo sanandilankhule, choncho moni wawo mulibe m'kalata muno.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa Amayi