Msana wa Apongozi

Loweruka, Julayi 1913, kwa Kaphuka.

Kwazizira, chifunga mpaka masana, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

Bokosi lojambulira limene Bambo wansembe anandibwereka linatsala ndi filimu ya chithunzi chimodzi chokha, zinazo ndinawononga pophunzira. Chomalizachi ndinasungira apongozi anga aakazi. Mwana wawo Yosefe, mlamu wanga, ali kumigodi ku Joni, ndipo anatumiza mawu kuti nkhope ya amayi ake yayamba kumutayika.

Dzuwa litatuluka tawakhazika pamphasa. Iwo maso kuphiri.

"Mkamwini andiyang'ane kumaso? Ndapenga?" Akuuza Nabanda, mkazi wanga, ngati ine ndi chitsa.

Ndati, "Uwauze kuti sindikuwayang'ana. Maso anga ali pansi, m'kagalasi aka."

"Nanga m'kagalasimo akuonamo yani?" afunsa apongozi.

Ine, amene ndinawerenga Chilatini kusukulu ya ansembe ndisanaisiye, andigonjetsa ndi funso limodzi! Nabanda wawanyengerera mpaka atembenuka pang'ono. Nditangodina kachitsulo kojambulira, iwo andifulatira. Filimu yathera pomwepo. Ina imapezeka ku Kabula kokha, ndipo mawa tikatuluka Misa Bambo andifunsa chimene ndajambula.

Ndakalipa kuti pamudzi pano munthu wophunzira amangofota ngati fodya wa padzuwa. Nabanda wangoseka.

"Tumizani chomwecho, bambo. Achimwene akawazindikira. Si msana womwewo unawabereka?"

Ndamuuza kuti za zithunzi sadziwapo kanthu, ndipo sadziwadi. Komabe ngati dzuwa linawala bwino pamapewa paja, mwina Yosefe...