Dzenje la Achimwene Anu

Amake ana,

"Ine chiyambireni kugwira piki sindinadulepo paipi kapena waya. Nthaka imandiuza yokha." Awa ndi mawu a achimwene anu m'mawa uno, atabwera kudzatiimikira mlongoti wa eriyo ya TV kuseri kwa nyumba. Nditati tiyambe tafunsa a zamadzi modutsa paipi, anati ndikuwanyoza.

Ndiye mverani. Mukafika musapite kuseriko, ndipo ana akaweruka muwatsekere m'nyumba. Waya uli pansiwo musaukhudze, ngakhale ndi ndodo. A zamagetsi ndawaimbira, akuti akubwera. Nyama ya mufiriji muphike yonse pa makala, lero tidya ngati mabwana. Aneba ometa aja akabwera muwapepese. Magetsi athima kasitomala atametedwa mbali imodzi, moti onse awiri akundisakasaka.

Pepani sindinatsuke mbale, ndathamangira kuchipatala ndi achimwene anuwo. Musadandaule, ndi bondo chabe. Pakamwa pali bwinobwino.

Kunena chilungamo, kukumba anakumba mwaluso. Paipi anaipeza, anaizemba, mpaka anandiitana kuti ndidzaphunzire ntchito. Kenako anadzutsa mlongoti uja maso ali pansi, akumvetserabe nthaka, koma nthakayo za kumwamba sinawauze. Mlongoti unakola waya wa magetsi, kunangomveka kuti phuu! Alamu angawo anautaya, n'kuthawa chafutambuyo, n'kugwera m'dzenje lawo lomwe, chidendene pa paipi.

Choncho ndatseka pa mita. Madzinso kulibe.