Tabwerera m'nyumba ya miyala, mwana wathu sakudziwa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 81, kwathu ndi ku Chipangali. Sukulu sindinapondeko, ndiye akundilembera ndi a Edita oyandikana nafe. Ndawauza kuti asathamange, ine nkhani ndimaiyamba poyambira.

Bambo anga anaphunzira zomangamanga ku mishoni. Atabwerera kumudzi anamanga nyumba ya miyala, yogwirizitsa ndi dothi la pachulu. Khoma lake kukhuthala ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, timawindo tiwiri basi. Ine ndinabadwira mmenemo. Kenako tinkasungamo fodya, fodya titamusiya a mphakati wa tchalitchi ankapemphereramo, ndipo zaka zino mumakhala matumba a mtedza.

Mwana wathu Matiyasi, amene amayendetsa lole ku Mwami, anatimangira ina ya njerwa ndi malata. Ndi yokongola, ndisaname. Koma mu Okutobala, Aphungu, mumachita kuwotcha. Tsiku lina masana ndinawasowa akazi anga a Tereza. Ndinakawapeza m'nyumba ya miyala, atagona pamphasa pakati pa matumba. Anati, "Bambo, mwanditsekera mphepo pakhomopo. Lowani, apo ayi bwererani ku uvuni wanu." Ine ndinalowa. Bedi linatitsatira mawa lake. Matiyasi akati akubwera timalinyamula kulibweza, ndipo misana yatopa.

Tsopano waimba foni kuti mvula isanagwe adzagwetsa "bwinja lija", miyala aikire mpanda. Mwanayu anadzimana zambiri chifukwa cha ife. Ndimuuze bwanji osamukhumudwitsa?

A.Z., Chipangali

Bambo A.Z.,

Choyamba, bedilo lisayendenso. Msinkhu wanu si wokhala mukusamuka ngati alendo pakhomo panu pomwe.

Muimbireni Matiyasi sabata ino, asanapeze aganyu. Yambani ndi kuthokoza, kenako nenani kuti asakhudze mwala ngakhale umodzi mpaka mutakhala pansi. Akafika, dzuwa lili paliwombo, mukhazikeni m'nyumba ya malata, mucheze ola lathunthu. Mukatero lowani naye mu ya agogo ake. Thukuta lake lidzakuyankhulirani. Za bedi muulule nokha, asadzazimve kwa a Edita.

Iye akunena kuti bwinja chifukwa akuonamo matumba. Chimene akufuna n'chakuti makolo ake azigona bwino, choncho mpatseni ntchito: akonze denga la nyumba yakaleyo ndi kuona ngati chiswe sichinadye mitanda. Yatsopanoyo muzigonamo m'nyengo yozizira, ndipo iye akabwera ndi ana azifikira mmenemo. Mtedza uchoke pamene mukugona, chifukwa pali makoswe njoka sichedwa.

Koma chenjerani. Akaikonda adzafuna kuipaka simenti kuti iwale. Mukanize. Khoma lomangira dothi limafunika kupuma. Simenti imatsekera chinyezi mkati, dothi n'kufewa, miyala n'kuyamba kusuntha. Pamene pagumuka amate ndi dothi lomwelo kapena laimu.

Mudzandilembere zimene Matiyasi ayankhe, ndipo a Tereza aikepo mawu awo.

Aphungu