Chingwe Chathu Chakulambalalani

Amayi, ndiyambe ndi kufunsa monga munandiphunzitsira: kumeneko mukudzukako bwanji? Kuno tili bwino, kungoti kutentha kwa Mangochi simunapite nako.

Zakunyumba ndi izi. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene anga a Yusufu, anachira mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kumzikiti, ngati mmene munkaitanira ogula usipa pamsika. Amjomba, alongo anu a ku Katuli aja, akolola chimanga chokwanira, koma akulengezabe njala monga mwa chaka ndi chaka, kuopa opempha. Nyanja inakwera n'kumeza thandala lanu loyanikira usipa. Yusufu akuti alimanganso, ndipo mawu a Yusufu mukuwadziwa.

Munkakonda kundifunsa kuti, "Iwe Mariamu, ntchito yakoyi ndi yotani poti subwera ndi fumbi?" Kwa anansi munkati ndinapita ku yunivesite kukaphunzira kuyang'ana galasi. Tsopano sangalalani, fumbi ndikubwera nalo mpaka m'makutu. Ananditumiza kuno kwathu, ku kabwalo ka ndege kaja munkati n'kodyetserako mbuzi. Ndege za alendo obwera kudzaona nyanja zachuluka, ndiye akuluakulu akuti kakule. Ntchito yanga ndi kulumikiza makompyuta onse, a olembetsa okwera, a oona mapasipoti, a oona zanyengo, kuti azilankhulana okhaokha komanso ndi Lilongwe. Ndinapeza kompyuta imodzi yokha yamoyo, yofunditsidwa chitenje. Uthenga ukafunika kupita, mkulu wa pabwalopo ankakwera pachulu ndi foni yake.

Zonsezi zimadalira chingwe chimodzi chochokera kumsewu waukulu, chokwiriridwa pansi. Pamitengo sitingachiyendetse chifukwa ndege zimatera pafupi. Tisanakumbe, tinachita misonkhano yambiri m'mahotela a kunyanja, kukambirana za chingwe uku tikudya chambo. Kenako akatswiri a mapu a ku Lilongwe anatenga chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba n'kulemba mzere wowongoka. Manda a m'mudzi mwathu anawaona, poti mitengo yake imaonekera patali, ndipo anawalambalala mwaulemu. Mzere anaudutsitsa pambali pake, pamalo oyera pamene kale panali munda wa chinangwa. Ine ndinauyenda wonse ndi anyamata okhoma zikhomo, ndinasaina.

Lachisanu lina, atatuluka kumzikiti, Yusufu anabwera pa njinga yamoto ya kabaza n'kundipeza ndili m'chipinda cha makina. Sanandipatse moni. Anangondifunsa ngati ku yunivesite kunalinso phunziro lokhomera mayi ako chikhomo kumiyendo.

Amayi, ine sindinkadziwa pamene mwagona. Tsiku lija ife akazi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo wathu. Jeneza lonyamula thupi lanu linakhota kuseri kwa mzikiti, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakuonerani komaliza. Palibe anandiuza kuti manda akale anadzaza, kuti anayamba kuika anthu m'munda wa chinangwa uja. Amuna sankaona choti anene, akazi sitinkaona choti tifunse. Ife sitimanga ziliza, ndipo mitumbira inaphwa ndi mvula. Anthu a mapu amadziwa manda poona mitengo kapena simenti, ndiye kwa iwo panali poyera. M'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito ndinkapereka salamu kumitengo ija, kuganiza kuti muli pamthunzi. Chonsecho ndinkalonjera agogo a anthu ena, inu muli padzuwa.

Thalakitala yokumba inali yoti iyambe Lolemba. Ndinaimbira abwana anga ku Lilongwe. Anandimvetsera bwino, anapepesa, kenako anandikumbutsa kuti tsiku lotsegulira linalengezedwa kale, mlendo wolemekezeka anavomera, ndipo zitenje za amayi ovina anazidinda ndi tsikulo. Kulambalala kunkafuna chingwe china choitanitsa kunja ndi chilolezo chokumba m'mbali mwa msewu. Anandifotokozera kuti chingwe chathu n'chaching'ono ngati chala, sichipanga phokoso, ndipo tikhoza kukumba mosazamitsa. Anafunsanso ngati pali chikalata chosonyeza kuti pamalopo ndi pamanda. Ndinayankha kuti amene akanasaina ali momwemo. Sanaseke. Asanadule foni anatchula za mpando wa woyang'anira makompyuta a pabwalopo, ntchito yokhazikika imene anandilonjeza ndikamaliza pa nthawi yake. Anati akungondikumbutsa ngati mwana wawo.

Ndisakunamizeni, mpandowo ndinkaufuna. Ndatopa ndi ntchito za miyezi yowerengeka, lero Karonga, mawa Nsanje, katundu ali m'chikwama. Ndinkafuna kukhala kwathu, kuona mdzukulu wanu akukula, kumanga kanyumba kanga pafupi ndi kanu. Loweruka lonse ndinakhala ndi mapu, kufunafuna njira yodutsa pakati pa mitumbira popanda kukhudza munthu. Yusufu anayang'ana zojambula zangazo n'kunena kuti ngakhale iye sangalumbire kuti uyu wathera apa, uyu wayambira apa. Akuti pafupi nanu pali a Bibi Halima, aja munkakangana nawo za malire a dimba. Mwapezananso.

Ndinakumbuka mmene munkachitira wogula akakuuzani kuti muike usipa wabwino pamwamba, wowola pansi. Munkangovundikira dengu n'kunena kuti, "Pitani mukagule kwina, ine ndikufuna kugona tulo." Lolemba m'mawa ndinakaima kutsogolo kwa thalakitala ndi chipewa changa choyera, ndinauza woyendetsa kuti azimitse. Iye, poti ndi Msilamu mnzathu wa ku Namwera, atangomva mawu oti manda anatsika ndisanamalize n'komwe kulankhula. Zikhomo tinazizula zonse. Cha kumiyendo kwanu chinazulidwa ndi Yusufu, ine ndili kumsewu.

Chingwe chinachedwa, koma mwambo sunachedwe. Mlendo anabwera, amayi anavina, riboni inadulidwa. Makompyuta tinawayatsa onse, akuonetsa zithunzi zokongola za nyanja, osalumikizidwa ndi kanthu kalikonse. Mlendoyo anadina batani limene tinamukonzera, anthu anaomba m'manja, ndipo m'mawu ake anati Mangochi tsopano yalumikizana ndi dziko lonse. Madzulo ake mkulu wa pabwalo anakweranso pachulu kukatumiza lipoti la mwambowo.

Panopa zonse zikuyenda. Chingwe chimachoka kumsewu, chimatsata mpanda wa sukulu, chikafika pafupi nanu chimakhota n'kuzungulira patali. Mlendo akatsika ndege, pasipoti yake imaoneka ku Lilongwe asanapukute thukuta. Chulu chija achisiyira chiswe. Mpando uja anaupereka kwa mnyamata wina wa ku likulu, waulemu ndithu, ndipo ndikumuphunzitsa kuti chingwe chiti chikupita kuti. M'kalata yawo abwana analemba kuti ndine wodziwa ntchito koma wosamva za nthawi. Mwezi ukatha ndinyamulanso chikwama. Sindinadziwe kuti ulendo uno ndi wa kuti.

Dzulo ndinapempha a Shehe, ndipo anandilola kufika m'mphepete. Yusufu analowa n'kukaima pamene muli, ine ndinaona. Si patali ndi msewu. Pamera chisoso, ndipo mbuzi zimadutsapo. Ndinachita dua, kukupemphererani kwa Mulungu.

Mapu a boma ndawakonza, pamalopo palembedwa kuti manda. Koma mapu amasochera m'maofesi, ndipo bwaloli likukulabe. Kubwera ena ndi mizere yawo, a madzi, a magetsi. Ndiye ndisananyamuke ndidzala mpanda wa nkhadze kuzungulira munda wonsewo, ndi mitengo ingapo yoti izioneka ngakhale kwa munthu wojambula ali kumwamba. Yusufu wati athirira. Poti ndi Yusufu, ndapanganso pangano ndi mkazi wake.

Ndine mwana wanu wokukondani, wopanda mpando koma wogona tulo,

Mariamu