Usatumize Kiti ya Njinga ya Bambo

Wokondedwa mlongo wanga,

Choyamba ndifune kumva za moyo wako kumeneko. Kodi chifuwa chija chinakuleka? Nanga mlamu wanga ndi kamwana kanu akudzuka bwanji? Ife kuno tilipo. Ana akupita kusukulu, ine ndikungokhalira pamakina osokera monga mwa masiku onse. Bambo akudya, akugona, ndipo pakamwa pawo mpakuthwa ngati kale. Za iwowo ndi zimene ndakulemberazi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Nyumba yathu ukuidziwa, munthu ukatsokomola kuchipinda, wa pakhonde amakuuza kuti pepa. Izi sindingazinene bambo akumva.

Lamlungu lija unaimba foni ndinamva zonse. Unapsa mtima, ndipo sindikukuda nazo. Unati watopa ndi nkhani ya kiti ya zitsulo za injini ya njinga ya bambo, kuti mwezi ukangotha ugula imene yakusangalatsa iweyo n'kuiika pabasi, bambo afune asafune. Ugwire mtima kaye. Uwerenge mpaka pansi, usachite zako zija zowerenga mizere iwiri n'kuyamba kuyankha.

Ndiyambe kumene nkhaniyi inayambira, chifukwa iwe unailowera pakati.

Chaka chino chitangoyamba, bambo anayamba kudandaula kuti njinga yawo yamoto yafooka. Akabwera koyenda ankavula helemeti akung'ung'udza. Ankati anyamata a njinga zatsopano akumawaimbira hutala kumbuyo, ngakhale munthu wa njinga yakapalasa akumawapitirira. Kwa munthu amene wakonza njinga za anthu moyo wake wonse, chimenecho ndi chipongwe chachikulu. Ine sindinazitengere. Ndinkati njingayo ndi yakale, mwina yatopadi.

Tsiku lina lamba wa makina anga anaduka ndili ndi madiresi a anthu. Bambo anati andikweze kuti ndikagule wina. Panali patapita nthawi ndisanakwere nawo, ndiye ndinakhala kumbuyo ndikusangalala ngati mwana.

Titalowa mumsewu waukulu, tinkangoyenda m'mphepete pang'onopang'ono, magalimoto akutizemba. Bambo anatembenuza mutu n'kundifunsa ngati ndikumva mmene injini yafookera. Ndinasuzumira paphewa pawo. Mlongo wanga, dzanja lawo lamanja, limene limapatsa njinga moto, silinkapotokola n'komwe. Linangogwira chogwirira zolimba mpaka mitsempha kutuluka. Njinga sinkakana kuthamanga, mwini wake ndiye sankaiuza kuti ithamange.

Patsogolo pang'ono anagwira buleki mwadzidzidzi, ine mpaka kugunda chibwano pamsana pawo. Panalibe kanthu, chinali chithunzithunzi cha mtengo wa magetsi chitagona pamsewu. Koma titafika pamphambano, mayi wina wobereka mwana anayamba kuwoloka kuchokera kumanzere. Ine ndinamuona akadali kutali. Bambo sanachepetse liwiro. Ndinawakoka malaya ndikukuwa, ndipo galasi la njinga linakhudza chikwama cha mayiyo. Mayiyo anatitukwana, ndipo zinatiyenera. Bambo anangofunsa motsitsa mawu kuti munthuyo watulukira kuti.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo. Pobwerera ndinanama kuti ndili ndi zina zogula, ndinakwera basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona zinthu zimene ndinkangozidutsa. Pothira tiyi amaika chala m'mphepete mwa kapu. Munthu akalowa pakhomo amatembenuza thupi lonse kuti amuone. Mawondo awo ali ndi zipsera zogunda mipando imene yakhala pamalo amodzi chimangireni nyumbayi.

Kuwatengera kuchipatala cha maso inali nkhondo. Ndinachita kunena kuti ndine ndikufuna magalasi osokera ndipo ndikuopa kupita ndekha. Adokotala atandiyeza ine, ndinawapempha kuti awaonenso bambo. Anatenga nthawi yaitali. Kenako anatiuza kuti ndi matenda amene amadya maso kuyambira m'mbali, kotero kuti munthu amaona ngati akusuzumira m'paipi. Anati zimene zapita sizibwerera, koma zotsalazo zingasungike ndi mankhwala odonthezera tsiku ndi tsiku. Za njinga ananena mosapita m'mbali kuti asadzaiyendetsenso.

Titafika pakhomo bambo anati dokotalayo ndi mwana wa dzulodzuloli, sadziwa kusiyanitsa diso ndi pulagi ya njinga. Mankhwala anawaponya pazenera n'kunena kuti sadzawakhudza. Anandilumbiritsanso kuti ndisauze munthu, makamaka iwe. Lero ndikuswa lumbiro limenelo, ndipo adzandikhululukira okha.

M'mawa mwake ndinadzuka ndikumva masipanala akulira m'kashedi kakuseri. Ndinawapeza atayala nsalu pansi, injini ataitsegula. Silinda inali apo, pisitoni apo, timabawuti atatindandalika mwadongosolo lake. Anati apeza vuto, injiniyo ndi yaing'ono, ifunika kukulitsa. Ifunika silinda yaikulu ndi pisitoni yake, zimene iwo okonza njinga amangoti kiti. Madzulo a tsiku lomwelo ndi pamene anakuimbira koyamba, poti masitolo a zitsulo zoterozo ali kumeneko.

Zotsatira zake ukuzidziwa kuposa ine. Poyamba anati ufune kiti yokweza injini kuchoka pa 125 kufika pa 150. Utaipeza anati imeneyo ndi yosasintha kanthu, ufune ya 175. Utaipeza imeneyo anati yaikulu choncho imapepusa khoma la silinda, injini izitentha, klatchi iziterereka, ndipo kabyuleta ifunika kusintha jeti. Kenako anafuna silinda ya chitsulo chenicheni m'kati, osati yongopaka. Kenako anafuna zithunzi za maring'i a pisitoni. Iwe masiku ako opuma n'kumathera m'masitolo, ogulitsa mpaka kuyamba kukuseka. Ndikudziwa kuti zinakuwawa, chifukwa unkachita zonsezo pofuna kuwasangalatsa.

Koma ukanaona zimene zimachitika kuno. Masana aliwonse anzawo amabwera kukashediko. A wotcherera zitsulo a nyumba yoyandikana nafe aja salephera, ndiponso a dalaivala opuma ntchito aja. Amakhala pabenchi, njinga ili pakati mimba ili yasa, n'kumakangana za kukula kwa pisitoni. Pamenepo bambo ndi mfumu. Amanyamula silinda, kulowetsa chala m'kati, n'kuwauza pamene yadyeka osayang'anapo. Ukamawamva akufotokoza sungaganize kuti ndi munthu amene wagunda chitseko m'mawa womwewo.

Tsiku lina a wotcherera anandiitanira pampanda. Anandiuza kuti njingayo anaiyendetsapo isanatsegulidwe, ndipo inkathamanga ngati yatsopano. Sananene zambiri, nanenso sindinanene. Koma ndaona kuti bambo akatsala pang'ono kugwirizana ndi kiti ina, a wotcherera ndi amene amapeza chifukwa chatsopano choikanira. Mulungu awadalitse bambo amenewa.

A dalaivala ndiwo sakudziwa kanthu. Tsiku lililonse amati akudikira kudzaona mkulu wawo akudutsa mumsewu waukulu, anyamata a hutala aja atatsala m'mbuyo. Auza anthu ambiri. Ngakhale wogulitsa mafuta amandifunsa kuti chilombo chija chituluka liti.

Tsopano ubwerere ku foni yako ya Lamlungu.

Utadula, bambo anangokhala pampando. Chakudya chamadzulo sanachikhudze. Mawa lake masana anzawo asanabwere ndinawatsatira kukashedi. Ndinawapeza akupukuta pisitoni yakale, imene inali yoyera kale mbee. Sanatembenuke, koma anadziwa kuti ndine.

Anandifunsa ngati ndikuganiza kuti utumizadi. Ndinati mwana wawo akumudziwa, akanena chinthu amachita, anatengera iwo omwe. Sanaseke.

"Akatumiza ndiyenera kuimanga," anatero. "Ndikaimanga ndiyenera kuikwera."

Ndinawafunsa kuti wawakakamiza ndani. Anati anthu onse akudikira. Ndinati ndiye awauze zoona anthuwo. Apo anaika pisitoni pansi.

"Ndiwauze chiyani? Theka la anthu amenewa ndinawaphunzitsa kukwera njinga ndine. Ndikawauze kuti sindingathe kudutsa pamphambano?"

Ndinakhala pabenchi paja. Patapita kanthawi anayankhulanso, mawu ali pansi.

"Injiniyi ilibe vuto, mwana wanga. Ndinaitsegula kuti ndisaphe mwana wa munthu."

Mlongo wanga, ndinalira. Ndinalira ngati mmene ndinalirira tsiku limene amayi anatisiya. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti bambo akudzinamiza, ndipo ndinkakwiya nawo mumtima kuti ndi nkhalamba youma mutu. Chonsecho iwo anadziwa kalekale. Anadzimanga okha miyendo m'njira yokhayo imene akanatha kuipirira. Kiti ikadali yosasankhidwa, iwo ndi mwini njinga amene akukonza njinga yake. Ikangofika, atsala ndi njira ziwiri zokha, kuvomera pamaso pa anzawo kapena kukwera. Iwe ndi ine tikuwadziwa bambo athu. Adzakwera.

Uganizirenso ichi. Injini ikakula, buleki sakula nayo limodzi. Amenewa ndi mawu awo omwe amene ankauza makasitomala. Munthu amene sanaone mayi wobereka mwana akuyenda pang'onopang'ono, adzaona chiyani njinga ili ndi mphamvu zatsopano?

Nditapukuta misozi ndinawauza kuti botolo la mankhwala pazenera paja likuchepa lokha, kaya ndi makoswe akudonthezera m'maso. Apo ndiye anaseka pang'ono. Anati makoswe a masiku ano ndi ozindikira.

Poona kuti mtima wawo watsika, ndinawafunsa kuti akanakhala kuti akusankhadi, akanasankha iti. Sanachedwe n'komwe, zikuoneka kuti yankho anali nalo kuyambira tsiku loyamba. Anati ya 150 ija, ya chitsulo chenicheni m'kati. Anati ya 175 ndi ya ana ofuna kutchuka, imathamanga miyezi ingapo kenako n'kupsa. Ya 150 si yaliwiro, ndi yokoka. Imakwera chitunda itanyamula katundu wolemera popanda kutentha.

Ndinafunsa kuti katundu wanji, poti iwo anasiya kalekale kunyamula katundu.

Anati amuna awiri aakulu. Anati pachithunzi chimene unatumiza anaona kuti kumeneko akukudyetsa bwino, ndipo injini ya 125 singakwere nanu chitunda cha kumanda kumene kunagona amayi. Kenako anatola pisitoni ija n'kuyambanso kuipukuta.

"Chiyambire sindinakhalepo kumbuyo kwa munthu," anatero. "Koma kumbuyo kwa mlongo wakoyo ndingakhale."

Sananene kuti ndikuuze. Sananenenso kuti ndisakuuze. Anzawo anafika, nkhani ya klatchi inayambiranso, ine ndinabwerera kumakina anga.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ugule ya 150 ya chitsulo m'kati, pamodzi ndi magasiketi ake ndi jeti ya kabyuleta. Koma usaiike pabasi, usapatsire munthu aliyense wobwera kuno, ngakhale akhale wachibale. Kiti imeneyo ilowe pakhomo pano ili m'manja mwako.

Ndikudziwa kuti kuntchito kwanu tchuthi sichipezeka wamba, ndiponso ulendo ndi wautali. Sindikuti unyamuke mawa. Ngati kuli kodikira mpaka kutha kwa chaka, uisunge kunsi kwa bedi, ife tidikira. Njinga ikakhala yotsegula ine ndimagona tulo. Chimene sindingathe ndi kusenza zimenezi ndekha mpaka kalekale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wangawu watopa.

Ukadzafika udzawasiye amange okha. Usadzawalande sipanala, manja awo akuonabe bwino kuposa maso ako ndi anga. Akadzamaliza, anzawo onse ali pomwepo, iwe ndiwe udzailize. Udzanene kuti injini yatsopano imafuna mwini wake akhale kumbuyo kuti amve bwino mmene ikulirira, ndipo iwe ungowagwirira chiwongolero. Palibe amene adzaseke zimenezo. A wotcherera adzakuvomereza, za iwowo usade nkhawa. Mudzadutse mumsewu waukulu kuti a dalaivala akhutire, kenako mudzapite kwa amayi. Papita nthawi bambo asanafikeko, ndipo ndikudziwa kuti zikuwadya.

Za pambuyo pake tidzakambirana tili pamodzi, kaya njingayo udzaitenga, kaya idzakhala m'kashedi kudikira iwe. Bambo akadzangotsika kumbuyo kwako kamodzi anthu akuona, kwinako kudzaphweka.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti diresi lake ndikulisoka. Kalatayi umuwerengere, chifukwa ulendowu ufunika kuti nayenso auvomere. Kamwanako ukapsompsone m'malo mwanga. Ana kuno akupereka moni kwa amalume awo. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pantchito, ndipo akutsegulire njira yobwerera kwanu bambo akadatha kuona nkhope yako.

Lamlungu uimbe monga mwa nthawi zonse. Akasinthanso maganizo usapse mtima, ukangane nawo bwinobwino, amasangalala ukamalimbikira. Usawafunse za maso. Uwafunse za pisitoni.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene ndikukudikira.