Malume andigulira kale sutikesi

Aphungu,

Mundikhululukire ngati kalatayi ikudumphadumpha. Ndi mmene mtima wanga ulili masiku ano. Ndikakhala pansi ndimafuna kuimirira, ndikaimirira ndimaiwala chimene ndadzukira.

Ndine mayi wapabanja, ndipo ntchito yanga ndi ya uloya, koma osati uloya wa masuti onyezimira uja. Ndili m'kabungwe kakang'ono kamene kamachita lendi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala. Timayendera ndende ndi zitokosi za polisi, kumva madandaulo a otsekeredwa, kuona mabala, kuona mmene akugonera, kenako n'kulemba malipoti. Ndameretsa imvi pa ntchito imeneyi. Fungo la chitokosi ndimalidziwa kuposa la mafuta anga odzola.

Mwezi wathawu bungwe lina lalikulu la mayiko, loona za ufulu wa anthu, linalengeza kuti likufuna katswiri woima payekha, woti aziona mmene anthu otsekeredwa akusungidwira m'mayiko osiyanasiyana. Munthuyo amayenda, amafunsa, amalembera maboma, n'kukanena pagulu zimene waona popanda womuuza chonena. Nditawerenga zimene akufuna ndinati nanenso ndiyese, amene amayesa ali ndi mitu iwiri ngati? Ndinayamba kulemba kalata yofunsira udindowo. Kenako ndinauza bambo a kunyumba tili patebulo. Iwowo amakonza mafiriji, koma pakamwa pawo nkhani siizizira. Dzuwa lisanalowe inali itafika kwa malume.

Malumewa ndi mlongo wawo wa malemu mayi anga. Mayi atatisiya ndili wamng'ono, malumewa ndi amene ananditenga n'kundilera pamodzi ndi ana awo, osasiyanitsa mbale. Tsiku limene ndinavala mkanjo wa uloya analira pagulu, munthu wamkulu chonchija. Koma malume omwewa ndi mmodzi wa akuluakulu oyang'anira ndende m'dziko muno. Zaka zonsezi nkhaniyi takhala tikuiseka. Iwo amanditcha loya wa akuba, ine ndimawatcha bwana wa makiyi. Malipoti anga sankawaopa. Ankati ndi othandiza kwambiri, chifukwa tebulo lawo la kuofesi lili ndi mwendo umodzi waufupi ndipo amalichirikiza nawo.

Loweruka anatulukira kunyumba akukoka sutikesi yatsopano. Yofiira, ya matayala anayi, yaikulu yoti munthu n'kubisalamo. Anaizunguza pabalaza kutionetsa mmene imakhotera, bambo a kunyumba akuomba m'manja ngati awina mpira. Atakhala pansi anandiuza kuti alankhula kale ndi nduna, ndipo ndunayo yavomera kutiona Lachinayi likubwerali. Boma lidzaimira kumbuyo dzina langa, akazembe adzanong'oneza anzawo a mayiko ena. Anati malo ngati amenewo safikako munthu wopanda womukankha, ndipo mwana wa mlongo wawo sangakakhale pamzere ngati wamasiye iwo ali moyo. Aphungu, misozi inalengeza m'maso mwanga. Sindinganame.

Powaperekeza, tili pageti, anandigwira padzanja n'kunena kuti: "Iwe loya wa akuba, ukakafika kumeneko uzikumbukira kuti nyumba ili ndi chitseko. Zakuchipinda sitiyanika pamsewu." Anaseka, inenso ndinaseka. Koma dzanja lawo silinkaseka.

Chimene ankanena ndikuchidziwa. Pali ndende ina imene odwala chifuwa amawagoneka chipinda chimodzi ndi anzawo osadwala, mazenera ali otseka ndi malata, ndipo chaka chatha ena anamwalira. Lipoti lake ndinalemba ndine, ndipo silinapite patali. Malume akudziwa kuti mawu omwewo akatuluka m'kamwa mwa munthu wa udindo umenewo, sangawaikenso pansi pa mwendo wa tebulo.

Bambo a kunyumba akuti ndimaganiza mopitirira. Akuti: "Kwera kaye, mkazi wanga, makwerero ukawakankhe uli padenga." Akutinso anamva kuti akatswiri oterewa kawirikawiri sagwira nkhani za dziko lakwawo, ndiye lonjezo limeneli silidzandidya kanthu. Ndingogwedeza mutu basi, malume asangalale, nduna isangalale, ine ndikwere ndege. Nthawi zina ndimaona ngati akunena zoona.

China chimene chikundizunguza ndi ichi. Lolemba kunagwa mvula, ndipo malume anandipeza pamsewu ndikudikira basi yopita kundende ina. Ananditenga pa galimoto yawo ya kuntchito. Geti linatseguka lokha, palibe anandisecha chikwama, asilikali anachita kumenya sawasha. M'kati, tsiku limenelo munalibe wodandaula ndi mmodzi yemwe. Nyapala wa m'menemo, mkaidi wachikulire amene amayang'anira anzake ndipo wakhala akundiuza zonse kwa zaka, anangoyang'ana nsapato zanga n'kunena kuti, "Zonse zili bwino, bwana." Chiyambire amanditcha mayi. Mwina anali atatopa chabe.

Sutikesi ija ndaisamutsa nyumba yonse. Pabalaza imandiyang'ana. Kuchipinda sikwana pamwamba pa wodilopu. Panopa ili m'khonde la m'kati, ndipo chala changa chakuphazi chatupa chifukwa choipunthwa. Kuofesi ndimatsegula zimene ndinayamba kulemba zija, n'kusintha mawu awiri, n'kutsika kukayang'ana anyamata akupopa matayala, n'kukweranso.

Ndipite Lachinayi? Ndikakana, malume adzati ndine mwana wosayamika, ndawachititsa manyazi pamaso pa nduna, ndipo mwina sindidzapondanso pakhomo pamene ndinakulira. Ndikapita, ndikuopa kuti ndidzakhala katswiri woima payekha amene waimikidwa ndi wina. Kapena ndingozisiya zonse, ndibwerere kumalipoti anga ochirikiza matebulo? Ndithandizeni, tsiku layandikira.

Ine wosowa pokhazikika,
E.T., m'tauni muno

Mayi inu,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinamenya tebulo mpaka tiyi kutayikira pa mapepala. Sindinakwiyire malume anu. Ndakwiyira inu, chifukwa cha mawu aja akuti mwina nyapala anali atatopa. Atatopa chiyani? Munthu wakutchani mayi zaka zonsezi, mwatsika m'galimoto ya bwana wa makiyi tsiku limodzi, wayamba kulankhula ndi nsapato zanu, ndiye mukuti kutopa? Yankho limene mukufuna kwa ine anakupatsani kale ndi iyeyo, kwaulere, ataimirira.

Ine sukulu ndinailekera panjira, ndipo mawu akuluakulu a m'mabungwe amenewo ndimachita kuwawerenga ndi chala. Koma kuima pawekha ndimakumva. Si nkhani ya mumtima mwanu mokha ayi. Mukhoza kukhala woyera ngati thonje, koma ngati wotsekeredwa akukuonani kuti ndinu munthu wa amene amamutsekera, pakamwa pake pamatsekeka, ndipo ntchito yanu yathera pomwepo. Galimoto inangokunyamulani kamtunda kochepa, mwaona zimene yachita. Nanga nduna ikakunyamulani mpaka kutsidya kwa nyanja?

Bambo a kunyumba muwauze kuti ndawapatsa moni, koma akakamire mafiriji. Makwerero amene wagwira pansi ndi munthu wina, ukawakankha uli pamwamba amene amasowa potsikira ndiwe. Zoti simudzagwira nkhani za kwanu, kawerengeni nokha malamulo a udindowo, musadalire zakumva za patebulo. Ndipo ngakhale zitakhala zoona, kodi mukuganiza kuti mabwana a makiyi a m'mayiko ena sadziwana ndi a kuno? Foni idzalira. Adzati, mwana wanu uja wabwera kwathu kuno, tamuuzeni afewetse cholembera. Mudzaikana bwanji foni ya munthu amene munamugwedezera mutu pageti?

Mundimvetse bwino. Sindikunena kuti boma kuyamikira nzika yake ndi tchimo. Ngati malamulo a udindowo amalola, ndipo lachita poyera chifukwa cha ntchito yanu, palibe mlandu. Chimene chavunda apa ndi mtengo wake, ndipo mtengowo anakuuzani atakugwirani padzanja. Akufuna kuti odwala chifuwa aja akhale zakuchipinda. Amenewo si zakuchipinda, mayi. Ndi ana a anthu.

Ndiye Lachinayi musapite. Koma musachite zothawa, zozimitsa foni kapena kunamizira mutu. Mawa lomwe pitani kwa malume, kunyumba kwawo osati kuofesi, pa basi, nokha. Bambo a kunyumba atsale, angakaombenso m'manja pakati pa nkhani. Musalowe ngati loya. Lowani ngati mwana wa pakhomopo, muyambe ndi kuthokoza, ndipo muthokoze moona chifukwa munthu uja anakulerani. Mukatero muwauze mosazungulira kuti mawu a pageti aja munawamva, ndipo simungawalonjeze. Muwafotokozere za nyapala uja. Iwo ndende amaidziwa kuposa inu, adzamva msanga tanthauzo la mkaidi woyang'ana nsapato. Kenako muwasiyire okha kuti akauze nduna mmene angafunire. Akanene kuti mwana ndi wamakani, akanene kuti udindowo sufuna woperekezedwa, zili kwa iwo. Munthu wamkulu mukamulanda nkhani, musamulandenso nkhope.

Zongosiya zonse musazitchulenso, mwandimva? Kumeneko si kudzichepetsa, ndi mantha ovala diresi ya kutchalitchi. Malizani zimene munayamba kulemba, sabata yomwe ino, musiye kuwerenga matayala a eni. Pemphani mabungwe ndi anzanu amene ntchito yanu anaiona ndi maso kuti akuchitireni umboni. Za malume muzinene nokha poyera, kaya akufunsani kaya sanakufunseni, ndipo munene kuti nkhani yokhudza ofesi yawo ikadzabwera mudzaisiyira ena. Chibale sichibisika. Mukachibisa inu, adzachifukula amene mukupikisana nawo, ndipo pamenepo chidzanunkha.

Lipoti la odwala chifuwa lija musalisungire tsiku limene mudzakhale munthu wamkulu. Mazenera aja akadali otseka lero. Litulutseni, mulipereke kwa mnzanu wa kuofesi alitsatire kumene liyenera kupita, kuti wina asadzanene kuti munkagulitsa kapena kuopseza nalo malume. Ndipo kundende ya nyapala uja mubwerereko wapansi, ngakhale kugwe mvula ya matalala. Muime pamzere, akusecheni chikwama mpaka pansi. Nyapala mwina sadzakutchani mayi tsiku loyamba. Pitaninso.

Tsopano chenjezo langa, chifukwa ine sindigulitsa uchi. Mukhoza kuchita zonsezi udindo n'kupita kwa wina. Ofuna ndi ambiri, mpando ndi umodzi, ndipo ena adzafika atakankhidwa ndithu. Malume akhozanso kukukwiyirani nthawi yaitali, moni wanu n'kumauyankha ndi mphuno. Musabwezere, musawadandaule kwa achibale, ndipo pakhomo pawo musaleke kupita. Kukagwa matenda mukhale woyamba kufika. Munthu amene analira pagulu poona mkanjo wanu ankanyadira mwana wosagulika, ngakhale panopa waiwala. Mupatseni nthawi akumbukire. Ngati sadzakumbukira, zidzawawa, ndipo sindikunamizani kuti sizidzawawa.

Sutikesi musabweze. Imeneyo anagula ndi malume anu, osati bwana wa makiyi, ndipo kuibweza n'kuwatukwana. Ichotseni m'khonde musanathyoke chala, muipezere malo, ikhale yopanda kanthu mpaka tsiku lake. Likadzafika, pabwalo la ndege adzakufunsani funso limene amafunsa apaulendo: katunduyu mwalongedza nokha, ndipo palibe amene wakupatsirani kanthu kuti mumunyamulire? Mukakonze zinthu mawa, kuti tsiku limenelo mudzayankhe mukuyang'ana munthuyo m'maso.

Aphungu