Chithunzi cha ku Chiromo

Lolemba, 3 Febuluwale
Mtsinje wa Ruo wadzaza. Pa gulu lathu la pa foni, pomwe timakambirana za pulogalamu ya pa kompyuta yochenjeza anthu za madzi osefukira, a Geresomo aponyapo chithunzi. Mtembo wa msodzi, atangouvuula ku Chiromo. Nkhope poyera. Magdalena, amene amatimasulira mauthenga m'Chisena, wamuzindikira. Mchimwene wake. Kwawo anali asanamve. Wangolemba dzina, "Tomasi", n'kutuluka pa gulu. Chithunzicho ndafufuta mochedwa. Woyang'anira gulu ndine.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Maliro kwa Ndamera. Matope mpaka m'mawondo. Magdalena sanandiyang'ane. Mwina sanandione.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Pulogalamuyi ndi ya aliyense. Wofuna amatenga, amakonza, amaonjezera, popanda kupempha. Tinkayesa kuti gulu nalonso lidziyendera lokha. Lero ndalemba malamulo. Chithunzi cha mtembo kapena wovulala, ayi. Dzina la womwalira abale asanauzidwe, ayi. Kuseka wolemba Chisena kapena Chingerezi chothyoka, ayi. Wolakwa ayambe wapuma pa gulu mwezi. Smart wa ku Blantyre akuti tasanduka mpingo. Enawo avomera.

Lamlungu, 9 Febuluwale
A Geresomo anandipeza potuluka m'tchalitchi. Akuti anaponya kuti tione tonse kuti chenjezo lathu likufika mochedwa kwa asodzi. "Lamulo lobadwa Lachinayi ligwira bwanji mlandu wa Lolemba, mwanawe?" Ndiwo anandiphunzitsa kulemba pulogalamu. Ikavuta, okonza ndi iwowo. Ndikawachotsa, mvula ili pakati chonchi, achenjeze anthu ndani? Ndikawasiya, malamulowo ndi a ndani? Mutu ukuwawa. Kutentha ngakhale kukugwa mvula.

Lachinayi, 13 Febuluwale
Magdalena wabwera kunyumba. Wawonda. Tiyi sanamwe. Ndinayamba kufotokoza za mwezi wopuma wa a Geresomo, anandidula. "Musawachotse, achemwali. Madzi akadali kubwera. Koma apite kwa amayi. Amayi akungofunsa kuti Tomasi anamufunditsa nsalu ndani pa gombepo. Amene analipo ndi iwowo."

Wati ndimubweze pa gulu. Mauthenga osamasulira aunjikana.

Atapita ndinawaimbira a Geresomo. Ndinawauza funso la amayiwo mmene lilili. Anati palibe anamufunditsa, iwo m'manja munali foni.

Afunsa njira ya kwa Ndamera. Ndati ndiwaperekeza Loweruka. Zoti akanene kumeneko sindiwathandiza.